Therere Lakwera Udindo

Nkhuku ikaphedwa pakhomo, mwana wa oyandikana nawo amabwera kudzapala moto ngakhale kwawo ukuyaka kale. Therere lokha lakhala likudyedwa chitseko chili chotseka, masiku aja a pakati pa mwezi pamene m'thumba mwangotsala chiphaso ndi malisiti. Mlendo akati odi, mayi amavundikira mbale msangamsanga n'kuyamba kupepesa: "Mwatipeza tsiku loipa, tangopukusa katherere." Koma zaka zapitazi asayansi a ku Thailand, China ndi India akhala akulipima m'malabotale, ndipo apezamo tinthu totchedwa quercetin, rutin ndi isoquercitrin, timene pa mbewa ndi pa maselo oleredwa m'timbale ta galasi taoneka kuti timachepetsa kutupa ndi kuteteza ubongo. Nkhaniyi pofika m'mafoni mwathu, mawu akuti "pa mbewa" anali atagwera m'njira. Lero mbale yomwe inkavundikiridwa ija ikujambulidwa n'kuikidwa pa WhatsApp.

*

Atsibweni anga sanalawepo therere chikwatirire. Ankati ndi ndiwo za amayi ndi ana, ndipo mwamuna wokhwima akalidya, mankhwala ake onse amasukuluka. Likaphikidwa pakhomo, iwo ankawakazingira dzira paokha. Tsiku lina anabwera kuchokera ku bawo ali wefuwefu.

"Mayi a ana, kuyambira lero therere lisamasowe pamkeka. Akuti limateteza ubongo."

Akazi awo anasiya kupeta. Anayang'ana denga lodontha, n'kuyang'ananso njinga yopanda tcheni imene yatsamira pankhokwe chiyambire chaka cha njala.

"Zaka zonsezi mwandithera mazira poopa kusukulutsa mankhwala. Mankhwala ake ndi omwe anatilemeretsawa?"

"Zimenezo zisiyeni. Pano tikukamba za ubongo."

"Chabwino, ndiphika. Koma kwathu mlonda timamulemba pamene pali katundu."

*

Mbewa zimene zimatchulidwa kwambiri pankhaniyi ndi za ku Thailand. Mu 2011 akatswiri a kumeneko anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya sayansi yotchedwa Neurochemistry International. Ankapatsa mbewa mankhwala a dexamethasone ochuluka, tsiku ndi tsiku, mpaka mbali ya ubongo yosunga zokumbukira, imene amaitcha hippocampus, inayamba kuwonongeka. Zina mwa mbewazo ankazipatsiratu quercetin, zina rutin, zina mankhwala oyengedwa kuchokera ku therere. Kenako ankazilembetsa mayeso, ndipo mayeso a mbewa ndi osambira. Pamakhala beseni lalikulu lozungulira lodzaza madzi, ndipo penapake pansi pa madziwo pamabisika kansanja koti mbewa n'kuimapo. Njirayi anaiyambitsa Richard Morris pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mbewa imaponyedwamo, imasambira uku ndi uku mpaka itagunda kansanja kaja. Mawa imaponyedwanso, mkuja chimodzimodzi, wa wotchi ali chilili kuona ngati ikukumbukira pamene panali chipulumutso. Zimene zinalandira therere zinkapeza kansanjako msanga kuposa zinzake zimene zinangolandira dexamethasone yekha.

Nditawafotokozera zimenezi agogo anga aakazi, za ubongo sanafunse n'komwe. Anagwira pakamwa.

"Ukuti mbewa akuzipatsa therere?"

"Eya, agogo."

"Ndiwo kumadya ndiwo inzake? Nanga anthu nsima adyera chiyani?"

*

Mnyamata wina wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu wa M1 atamva nkhaniyi, poyamba anachita mantha. "Bwana, zimenezi musafalitse. Mbewa zikayamba kukumbukira, zidzakumbukira amene anakumba una chaka chatha."

Koma mantha a wamalonda sagona. Sabata yotsatira, galimoto ikaima, iye ankathamangira pazenera ndi timitengo tiwiri, kena kudzanja lamanja, kena kumanzere.

"Izi ndi wamba, bwana. Izi ndi zanzeru, zinakulira m'munda wa therere. Mtengo wake ndi wowirikiza."

Bambo wina anatsitsa magalasi a m'maso, n'kuziyang'anitsitsa zanzeruzo, zili ndondondo pakamtengo, mano ali pamtunda.

"Aise, zikanakhala zanzeru zikanapezeka apa?"

*

Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito anati iye salola kunamizidwa, awerengetsa yekha. Mbewa ya m'labotale imalemera magalamu 25 kapena 30. Iye amalemera makilogalamu 80, akavula nsapato. Chimene mbewa inapatsidwa si therere la mu mphika, koma mankhwala oyengedwa, ochotsedwa madzi, pamene therere laliwisi magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse ndi madzi okhaokha. Analemba, kufufuta, kulembanso. Atafika pa wilibala anaika cholembera pansi n'kufunsa akazi ake ngati m'nyumbamo muli mphika woposa umene amaphikira pamaliro.

Chimene masamu akewo sakanatha kumuuza n'chakuti munthu si mbewa yaikulu. Mankhwala ambirimbiri amene anachiza mbewa anakagwa chagada atafika pa anthu, makamaka a matenda a ubongo. Kafukufuku wa therere pa anthu ndi wochepa, wambiri mwa iye ndi wa matenda a shuga, ndipo palibe amene waonetsa kuti kudya therere kumaletsa matenda oiwalaiwala.

*

Mayi wina ku Ndirande, mwana wake atatsala milungu itatu kuti alembe MSCE, anathamangitsa ndiwo zina zonse pakhomo. M'mawa therere ndi mkute, masana therere, madzulo therere. Ngakhale azing'ono ake a mnyamatayo, amene mayeso awo anali kutali, anavutikira limodzi. Tsiku la masamu mnyamata anabwera kunyumba ali ndwii.

"Zayenda bwanji, mwanangu?"

"Amayi, mayankho onse analimo m'mutumu. Koma ndikati ndigwire limodzi, limangoterera."

Bambo ake anatsitsa nyuzipepala. "Mbewa za ku Thailand zija zinkalowa m'madzi tsiku ndi tsiku kukaphunzira. Iwe m'kalasi la masamu unalowamo liti komaliza?"

*

M'basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre munakwera bambo wa jekete yonyezimira ndi chikwama chakuda. Tonse tinayesa mlaliki, ena mpaka anatseka maso. Iye anatsegula chikwama n'kutulutsa mabotolo.

"Abale ndi alongo, uwu ndi ufa wa therere wa ku India, wopimidwa ndi madokotala akuluakulu. Nyamakazi, shuga, BP, msana, kuiwalaiwala, ana osakhoza m'kalasi, abambo osakhoza kunyumba. Supuni imodzi m'mawa, ubongo umadzuka usanadzuke iwe mwini. Botolo K8,000 yokha."

Gogo wina anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka ma K5,000 awiri. Basi itaima pa Lizulu, mkulu uja anatseka chikwama n'kulunjika kukhomo.

"Achimwene, chenji changa!"

"Pepani amayi, ndinaiwala."

"Inu ogulitsa mankhwala okumbutsa, mwaiwala?"

"Amayi, wogulitsa sadya katundu. Bizinesi ingagwe."

Kunja kwa zenera kunali milu ya anyezi, ndipo amayi ogulitsawo sankadziwa kuti akhalira chuma. Anyezi, makamaka wofiira, ndi chimodzi mwa zakudya zimene zili ndi quercetin wambiri, ndipo tiyi ndi maapozi nazonso zili naye. Palibe amene anakwerapo basi kudzalalikira za anyezi. Za ku India zija n'zoona kuti dzikolo limalima therere loposa theka la therere lonse la padziko lapansi, Nigeria n'kumatsatira, koma mbewu yake ndi yomweyi imene imabala bwino ku Chikwawa ndi ku Salima dzuwa likamaswa mtengo. Kukwera ndege sikuliwonjezera nzeru.

Vuto la quercetin ndi ulendo. Ukamudya, thupi limangoyamwako pang'ono, matumbo ndi chiwindi zimamusintha, ndipo pakati pa magazi ndi ubongo pali mpanda wosefa zolowa umene sulola chilichonse kudutsa. M'kambale ka galasi mulibe chiwindi, mulibe mpanda. Wasayansi amangodonthezera mankhwala pa maselo mwachindunji, n'kulemba zimene waona. Sananame, koma kambale si munthu.

*

Pamsika wa Limbe amayi awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makosi. Wa therere lobala anali atalemba pakatoni kuti "CHAKUDYA CHA UBONGO" ndipo anthu ankangounjikana. Mnzake wa denje, amene anayala pafupi, anapsa mtima.

"Asisi, langali si therere? Likaphikidwa silinyololoka?"

"Lanulo ndi la masamba. Asayansi anapima lobala."

"Ndiye a ubongo azigula kwa inu, kwa ine kuzibwera zitsiru?"

Wa lobala sananame. Ife timatcha therere chilichonse chimene chimatanuka pa mbamu, kaya ndi denje, chewe, ngakhale nkhwani wothira soda, koma mbewu zake n'zosiyana. Lobala ndi limene asayansi amalitcha Abelmoschus esculentus, m'bale wake wa thonje ndi chidede. Denje ndi wa banja lomwelo koma nyumba ina, pamene chewe ndi m'bale wa chitowe. Ndipo mu lobalamo tinthu totchuka tija tinachulukira mu njere, pamene kunanda kuja kumachokera ku zina, za mtundu wa pectin. Wa denje sanafune kumva zonsezi. M'mawa mwake anabwera ndi katoni yakeyake: "LA UBONGO NDI MTIMA WOMWE".

*

Mtsikana wina amene anaphunzira za kadyedwe koyenera ku koleji anakwatiwa, ndipo apongozi ake aakazi anabwera kuchokera kumudzi kudzaona banja. Iye anati awaphikira therere, koma mwa sukulu. Sukuluyo imati soda ndi chidulo zimawononga vitamini C ndi vitamini B1, ndipo quercetin nayenso sachedwa kuphwanyika m'madzi a soda otentha. Ndiye kuti tinthu timene anthu akuthamangira therere lero n'timene timayamba kufa mayi akangotsina kasoda kaja n'kuponya mu mphika, thovu n'kukwera. Magalamu 100 a therere laliwisi amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 23 a vitamini C. Akatuluka mu chidulo, wotsalayo ndi wamwayi.

Choncho mtsikana uja anatsuka therere, kuliumitsa ndi kansalu, kulidula zikuluzikulu, kulikazinga m'mafuta pang'ono ndi anyezi ndi tomato, n'kufinyiramo ndimu. Umu ndi mmene amachitira ku India, ndipo zowawasa zimachepetsa kunanda. Anagwada n'kupereka madzi osamba m'manja.

Apongozi anatema mbamu, kuiumba, kuiboola ndi chala chachikulu, kutapa ndiwo, n'kukweza dzanja pang'onopang'ono podikira ulusi uja woti audule ndi kupotokola kwa dzanja. Ulusi panalibe. Anayesanso. Panalibe. Anadya mwakachetechete mpaka mtanda unatha, n'kusamba m'manja.

"Mwana wanga, zitheba zako zakoma kwambiri. Koma therere lija unanena kuti uphika lili kuti?"

Pamenepa ine ndili kumbali ya apongozi, ngakhale sayansi ili kumbali ya mtsikana. Therere losanyololoka ndi ndiwo ina, ndipo amene amati ndi chimodzimodzi sanadyepo kondowole kunyanja. Anthu a ku Japan nawonso amalikondera kunanda komweko, ndipo amalidula tizidutswa topyapyala kuti linande kwambiri. Pamenepo ndiye pali poyanjanirana: lanthete, lodulidwa mopyapyala ndi kupukusidwa bwino, limatanuka lokha popanda soda wodzaza supuni. Komanso soda ali ndi sodium, yemwe uja wa mu mchere, ndipo bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku. Kuthira soda, kuthira mchere, kuwazanso wina pambale, kenako n'kumati ukuteteza ubongo, pamene BP ndi imene imaphulitsa mitsempha ya m'mutu n'kusiya munthu atafa ziwalo.

*

Mawu akuti "limachepetsa kutupa" aliyense anawamva mwa iye yekha. Wosewera mpira wina wa timu ya m'mudzi anatupa bondo, ndipo anzake anamumata therere lophika n'kumanga ndi chitenje. Bondo silinaphwe, koma kwa masiku awiri nkhuku ndi agalu a m'mudzimo sanamusiye yekha.

Bambo wina wa muofesi anaima pagalasi, n'kusisita mimba imene inabisa lamba kalekale.

"Amayi, mundiphikire therere. Mwina kutupaku kungaphwe."

"Uko si kutupa, bambo. Ndi malipiro anu a zaka khumi. Ndimawaona akudutsa pakhomo pano madzulo alionse."

Kutupa kumene asayansi akunena si kwa bondo kapena kwa mowa. Mu ubongo muli maselo otchedwa microglia, amene ali ngati apolisi a m'mudzi: akaona mdani amaimba mluzu n'kutulutsa zida zawo, monga nitric oxide ndi TNF-alpha. Zikatha bwino, amabwerera kukagona. Koma nthawi zina sasiya, amangomenya chilichonse mpaka eni mudzi omwe, ndipo kutupa kosaoneka kotereku kumapezeka m'matenda a Alzheimer ndi Parkinson. M'labotale amatenga maselo amenewa, kuwaputa dala ndi tizidutswa ta mabakiteriya, n'kuthira mankhwala a therere kuti aone ngati ukali utsike. Umatsikadi. Ndi chiyambi chabwino, ndipo amene akugwira ntchitoyi asagwe ulesi. Wa bondo uja, achipatala anamuuza kuti aikepo madzi oundana ndi kupumitsa mwendo.

*

Ndiye pali a madzi a therere. Amalidula madzulo, kuliviika m'kapu usiku wonse, m'mawa n'kugugudiza chinthu chimene sichidziwika ngati chikumwedwa kapena chikumezedwa. Mkulu wina wa matenda a shuga anapita kuchipatala pa tsiku lake, ndipo makina atamuyeza, adokotala anavula magalasi.

"Bambo, mapiritsi aja mukumwa?"

"Ndikusunga, adokotala."

"Mukusungira chiyani?"

"Therere likadzakwera mtengo."

Apa kuseka kumachepa. Mu 2011 womwemo, akatswiri a ku Bangladesh anapatsa makoswe mankhwala a shuga a metformin pamodzi ndi madzi a therere, ndipo anapeza kuti kunanda kuja kunkalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Awa ndi makoswe chabe, inde, koma amene wakhulupirira mbewa za ku Thailand asakane makoswe a ku Bangladesh. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adziwe kuti therere lili ndi vitamini K, amene amakokana ndi mankhwalawo munthu akasintha kadyedwe mwadzidzidzi. Amene anavutikapo ndi timiyala ta mu impso adziwenso kuti muli oxalate. Mbale ya therere pa nsima sinaphe munthu. Chimene chimagoneka anthu m'chipatala ndi kutsekera mapiritsi m'kabati.

Mkulu uja potuluka anatembenuka. "Ndiye adokotala, therere ndisiye?"

"Idyani ndi nsima, bambo. Pakapu pabwerere tiyi wopanda shuga."

"Bola therere lomwelo."

*

Bambo wina anakongoza mnzake ndalama za feteleza, ndipo zaka ziwiri zinadutsa mnzakeyo akungoti, "Aa, ndinaiwala, achimwene, mutu wangawu." Tsiku lina wokongozayo anafika ndi dengu lodzaza therere.

"Ndakutengerani kamphatso, alamu. Ndamva kuti limathandiza kukumbukira."

Patatha sabata anabweranso, akumwetulira. "Bwanji, lagwira ntchito?"

"Lagwira, achimwene, lagwira zedi. Khalani pansi. Ndakumbukira kuti malemu bambo anu anabwereka mbuzi yaikazi kwa malemu bambo anga. Tiyeni tiwerengetse ana ake."

*

Mayi wina anatopa ndi mwamuna woiwala tsiku limene anakwatirana, tsiku lobadwa la mkazi wake, ngakhale kalasi imene mwana wawo ali. Anamuika pa therere mwezi wathunthu. Usiku wina bamboyo anatembenuka kutulo, akumwetulira, n'kuitana dzina la mtsikana amene ankakhala naye desiki imodzi ku sekondale.

M'mawa pamoto panali nyemba.

*

Ku America therere linafika ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo linakhazikika m'madera a kum'mwera, kumene limalowa mu msuzi wotchuka wa ku Louisiana wotchedwa gumbo. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, khofi atasowa kum'mwerako, anthu ankakazinga njere za therere, kuzipera, n'kumamwa m'malo mwa khofi. Mulibe chotsitsimutsa chilichonse cha khofi mmenemo, koma nkhondo imaphunzitsa lilime kudzichepetsa. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Tarleton State ku Texas anaonetsa kuti kunanda kwa therere kumatha kukola tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso m'madzi. Ndipo ophunzira a pa yunivesite ya Delta State ku Mississippi anadzisankhira chizindikiro cha matimu awo: therere lolusa, lovala magolovesi a nkhonya, lotchedwa Fighting Okra.

Nditawauza zimenezi anyamata a timu ya kwathu, amene ankasaka dzina latsopano, goloboyi ndi amene anayamba kukana. Anati mpira umamupulumuka kale m'manja popanda thandizo la dzina.

*

Matenda oiwalaiwala enieniwo si nthabwala. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina amene ankaiwala ngakhale zimene wangouzidwa kumene. Lero WHO imati anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali ndi matenda a mtundu umenewu. Kwathu kuno gogo akayamba kusochera usiku, kupezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha osadziwa kuti wafika bwanji, ambiri sathamangira kuchipatala. Amati wagwa pa ndege ya ufiti, ndipo ena aphedwa chifukwa cha zimenezi. Mu 2024 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet anatchula zinthu 14 zimene zikasamalidwa zingapewetse kapena kuchedwetsa pafupifupi theka la matendawa. Mwa zina muli BP, shuga, fodya, mowa, kusamva bwino, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha, ndi kusapita patali ndi sukulu. Therere pamndandandawo palibe. Chipewa cha pa njinga yamoto chili ndi umboni wochuluka kuposa dengu lonse, koma wa kabaza amachipachika pachiwongolero kuti chisade.

Komabe adzukulu ena a m'tauni anali ndi umboni wawowawo: agogo awo a zaka zoposa 90, amene amadziwa dzina la mdzukulu aliyense, malire a munda uliwonse, ndi amene sanabwere pamaliro a 1984. Anapita ndi foni kukawajambula.

"Agogo, auzeni anthu chinsinsi chanu. Si therere limene mwakhala mukudya moyo wanu wonse?"

"Therere ndadya, ana inu. Ndadya mpaka mphika unabooka."

"Mwamva, anthuni! Ndiye agogo, munkadziwa kale kuti ndi mankhwala?"

"Mankhwala a chiyani? Ndinkadya chifukwa agogo anu aamuna ndalama za nyama ankakamwera kachasu. Ndipo zimenezo sindinaiwale."

*

Anthu a m'mudzi wina anakhala pansi pa mtengo wa kachere kukambirana za phungu wawo, amene pa kampeni analonjeza mlatho, mjigo ndi denga la sukulu, kenako n'kulowa mumzinda osaonekanso. Ena anati alembe kalata, ena anati apite ku wailesi. A mfumu anati ayi, munthuyo si woipa, wangodwala matenda oiwala, ndipo mankhwala ake amveka. Banja lililonse linasonkha mulu umodzi, n'kutumiza matumba awiri a therere pa basi, ndi kakalata kofotokoza kaphikidwe: soda pang'ono.

Chaka chinatha, zii. Chachiwiri, chachitatu, chachinayi, zii. Ana ankawolokabe mtsinje atasenza mayunifolomu pamutu. Chaka chachisanu, fumbi linaoneka kumsewu. Galimoto zitatu, zitenje, masikono, zimkuzamawu. Olemekezeka anatsika n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mpaka kufunsa za mbuzi ya a mfumu imene inathyoka mwendo nthawi ya kampeni yapita ija.

A mfumu anatembenukira nduna yawo n'kunong'ona: "Mwaona? Limagwira ntchito. Kungoti limatenga zaka zisanu."

Nduna inagwedeza mutu. "Ndiye ulendo uno tiwapatsiretu asananyamuke, mfumu?"

"Ayi. Ulendo uno tidye tokha, kuti pa tsiku lovota tidzakumbukire ndife."